Mesenjala Amene Ankasenza Malamulo

Tinkamutchula Chilatini. Anali mesenjala wa khonsolo ya mzinda, ine ndili dalaivala. Paunyamata wake anakhalako zaka zitatu kusukulu ya ansembe. Anamuchotsa, koma anatulukako ndi dikishonale yothothoka chikuto.

Ntchito yake inali kumata zidziwitso za malamulo atsopano. Anzake ankamata n'kuthawa. Iye ankaima, n'kuwerenga mokweza mpaka mzere womaliza anthu akumutukwana, kenako n'kumata.

"Bwanji osangomata tizipita?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Adalaivala, wopanga malamulo pa Chingerezi amati legislator. Ndi Chilatini chimenecho. Lex ndi lamulo, lator ndi wonyamula, ndipo muzu wake wakalekale ndi kusenza katundu. Wobweretsa lamulo ankaima nalo yekha pamaso pa anthu. Mabwana athuwa amangolemba. Ndiye wina aziima."

"Bulu wawo ndiwe, eti?"

"Bulu wophunzira," anatero.

Chaka chake chomaliza pantchito, khonsolo inaletsa malonda mumsewu wa kudepoti. Mlongo wake, wamasiye wa ana anayi, ankasoka zovala pakhonde la sitolo mumsewu womwewo. Chilatini anadziwa za lamulolo mlungu wathunthu lisanatuluke. Amene anali ndi abale muofesi anatsinidwa khutu, nathamangira kukagwira malo mumsika. Iye sanamuuze mlongo wake. Ankati lamulo silinong'onezedwa, aliyense amalimvera limodzi.

Ndinamuuza kuti andipatse chidziwitsocho ndikamate ine. Anakana.

Anawerenga ataima pafupi ndi makina osokera a mlongo wake. Sanadumphe mzere. Mlongo wakeyo anadula ulusi ndi mano.

"Achimwene, Lamlungu munadya pakhomo panga. Munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Mumsika malo atsala?"

"Atha."

Tsiku losamuka, Chilatini anapita kukamuthandiza kukweza makina pawilibala. Mayiyo anamuchotsa dzanja.

"Siyani. Inu muli ndi katundu wanu wosenza."

Anakasokera kunyumba, kumene sikudutsa anthu. Pasanathe chaka makina anagulitsidwa, ndipo mwana wamkulu anasiya sukulu.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Chilatini amakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa garaja, maso akuchita khungu. Mlongo wake sanapondeko. Mwezi watha ndinamufunsa ngati anachita bwino.

"Ndinachita bwino," anayankha. Kenako anafunsa za mlongo wake: "Mukamuona, amaoneka bwanji?"

Ndinamuuza zoona: waonda.