Chithunzi cha Mwini Nyumba Wathu ku Amaveni

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala m'zipinda ziwiri zakuseri kwa nyumba ya a Chikwama ku Amaveni, m'tauni ya migodi ya Kwekwe, kunja kwa dziko la makolo athu. Dzinali anthu anawapatsa chifukwa cha kachikwama kachikopa kamene sankasiyana nako, mmene ankasungamo sikelo yoyezera golide wogula kwa makorokoza, anthu okumba golide mozemba. Bambo awo anachokera ku Dedza monga agogo anga, koma iwo Chichewa anachilavula kalekale. Akafuna kutinyoza ankatitchula mabwidi, dzina lonyozera anthu obwera ngati ife.

Ababa anasiya ntchito ya mumgodi chifukwa cha chifuwa. Ankadyera utoto: kulemba mayina a mashopu, kujambula mitu ya anthu pamakoma a ometa tsitsi ku Mbizo. Koma Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi ankalowa m'kashedi ka malata kuseri kwa nyumba, n'kumajambula zakumtima kwawo pa matabwa otola ndi utoto wotsala. Pa thabwa lina panali nkhope ya agogo anga aamuna atavala chipewa cha mumgodi. Agogowo anamwalira asanajambulitsepo ndi kamera, choncho ine ndinkawadziwira pa thabwa limenelo basi.

Tsiku lina pochokera kusukulu ndinapeza kashedi kali pululu. A Chikwama anali atagula nkhuku, ndipo matabwa a ababa anawakhomerera kuti akhale khoma la khola. Agogo anali chadodolido, msomali utalowa patsaya, chitosi chikuyenderera pachipumi.

"Marara," anatero a Chikwama ababa atafika, kutanthauza zinyalala. "Pabwalo pano m'panga."

Ababa anayang'ana kholalo nthawi yaitali, kenako analowa m'nyumba osayankha. Tinalibe kwina kolowera. Koma ine kukhala chete kwawoko kunandiwotcha kuposa chipongwe chija.

Loweruka masana, mwini nyumbayo ali ku bawa kumwa mowa, ndinatenga makala n'kujambula fisi wamkulu atakoleka chikwama m'khosi, pampanda woyera woyang'ana kumsewu. Ana a mzere wonse anabwera kudzaseka. A Chikwama pobwera anandigwira khutu, n'kundipatsa ndowa ndi burashi kuti nditsuke anthu akuonerera. Analamulanso ababa kuti apake mpanda wonse mwaulere.

Akupaka, ababa anandiitana. Ndinkayembekezera mbama.

"Sindikukukalipira kuti unajambula," anatero. "Ndikukukalipira kuti unajambula fisi. Fisi angamujambule aliyense. Munthuyu iwe sunamuyang'ane."

Patapita miyezi, mayi wina wa ku Gweru, wa bungwe lothandiza anthu aluso, anaona mitu ija pakhoma la wometa n'kufunsa amene anaijambula. Thandizo limene ababa analandira ku bungwelo linali laling'ono ndithu: utoto wa m'machubu, maburashi, nsalu zojambulapo, kachipinda kuseri kwa telala wina ku Mbizo, ndi chakudya cha miyezi ingapo kuti asamayendeyende kufunafuna zikwangwani. Kachipindako kanali ndi loko, ndipo kiyi ankaimangirira m'chiuno.

Ndinaona ababa ena amene sindinkawadziwa. Kale ankajambula mothamanga, chifukwa utoto wa pakhoma suchedwa kuuma ndipo mwini shopu amakhala ataima kumbuyo. Tsopano ankatha tsiku lathunthu akusakaniza mitundu kuti apeze kufiira kwa fumbi la kumigodi. Chikapanda kuwasangalatsa ankapala n'kuyambiranso. Fungo la mafuta a utoto linkawatsatira mpaka kunyumba, ndipo amayi ankadandaula kuti ndiwo zikumveka utoto.

"Ukufunabe kumubwezera Chikwama?" anandifunsa tsiku lina.

"Eya, ababa."

"Ndiye kayang'ane manja ake. Usandiuze kuti ndi oipa. Undiuze mmene alili."

Ndinayamba kusesa pabwalo popanda wondituma. Ndinaona chikhadabo chakuda cha chala chachikulu, mphete yomira m'mnofu, chipsera chakupsa pamwamba pa dzanja lamanja, ndi kachala kakang'ono kamene kankaima pakokha akagwira chinthu. Ndinkajambula zithunzi za manjawo ndi pensulo n'kupita nazo ku Mbizo, ababa n'kumazikana. Ndinkatalikitsa zikhadabo dala.

"Uku n'kudana naye," ankatero. "Sikumuona ayi. Bwerera."

Ndinalira kangapo. Koma tsiku lina anayang'ana pepala langa, anagwedeza mutu movomereza, n'kundipatsa burashi yaing'ono kuti manjawo ndiwaike ndekha pansalu yawo yaikulu.

Thandizo lija litatha, panakonzedwa chionetsero mu holo ya tchalitchi china m'tauni ya Kwekwe. Panali zithunzi za amayi ogulitsa tomato, za anyamata otuwa ndi dothi akutuluka m'dzenje, za makombi, maminibasi aja, pa renki pokwerera anthu. Koma anthu anaunjikana pa chimodzi: munthu wowerama, misomali ili kukamwa, akukhomerera nkhope ya nkhalamba pakhola la nkhuku. Chipewa chinabisa nkhope ya wokhomayo, ndipo panalibe dzina. Ankaoneka manja okha, ndi lamba wa kachikwama paphewa. Aliyense wa ku Amaveni anamudziwa.

A Chikwama anamva mphekesera n'kubwera atavala suti. Anthu anawapatsa njira. Mayi wina wachikulire wa chigwirizano, woyenda ndi ndodo, analoza nkhalamba ya pachithunzipo.

"Awa ankatsikira limodzi mumgodi ndi bambo ako," anatero mokweza kwa a Chikwama. "Ndiwo anasenza bokosi lawo. Iwe uli mwana unkadya pakhomo pawo."

Ndinaona kachala kaja kataima pakokha pa lamba wa kachikwama, ndipo mtima wanga unazizira bwino ngati ndamwa madzi a mumtsuko.

"Ndigula," anatero a Chikwama chapansipansi, m'Chichewa chomveka bwino. "Nenani mtengo."

"Kwa inu sichogulitsa," anayankha ababa.

Mwezi womwewo anatithamangitsa panyumba. Tinakweza katundu pa ngolo kupita ku Mbizo, amayi akulira, ine ndikuimba. Chithunzi chija anachitenga mayi a ku Gweru aja kukachipachika kumene amaonetsera ntchito za aluso.

Lero nanenso ndimadyera burashi, ndipo thandizo lotere ndinalilandirapo. Achinyamata akandifunsa kuti kanthu kochepa choncho kangasinthe chiyani, ndimaganiza za ababa. Luso anali nalo kale, ndipo thandizolo silinawafewetse mtima. Linangowapatsa nthawi. Mkwiyo wa munthu wosauka nthawi zambiri umathera m'njira, chifukwa mawa ayenera kulawirira kukasaka chakudya. Ababa anapeza miyezi yoti akhale nawo pansi mkwiyo wawo, auyang'anitsitse, aupatse mtundu woyenera. Ena amati ndikhululuke poti a Chikwama anamwalira ndipo nyumba ija inagulitsidwa. Ine sindinawakhululukire. Pakhoma lina ku Gweru akadali chiweramire, ndipo sadzaweramuka.