Phazi la a Telala

A Telala anayamba kuimba ng'oma ali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, imvi zitayamba kale kusuzumira kunsi kwa duku. Musaseke, inu. Phazi limene lapalasa makina osokera kwa zaka makumi atatu silisochera.

Kashopu kawo kanali kopanikizika pakati pa wokonza mafoni ndi wogulitsa penti. Kanali ndi windo limodzi, ndipo masana dzuwa likalowa, tinyenyeswa ta nsalu tinkayandama m'kuwalamo pang'onopang'ono. Phazi likagwira liwiro lake, eni akewo maganizo ankapita kutali. Nsalu ija inkasanduka msewu wautali woyera, iwo n'kumayenda pamenepo osatopa, osafika. Akadzidzimuka ankapeza kuti atseka thumba la thalauza la munthu. Makasitomala ankadandaula koma ankabweranso, poti msoko wa a Telala sunkaoneka ndi maso.

Tsiku lina kunabwera aphunzitsi ena, mayi wamawu aakulu, kudzasoketsa madiresi a bandi yawo ya amayi okhaokha. Iwo ndiwo ankaimba pakamwa, anamwino ena ankakhwacha gitala, mayi wa saluni ankadinda kiyibodi, koma wa ng'oma anali atasamuka. Aphunzitsiwo anaiwala za madiresi, n'kuima pakhomo akugwedeza mutu motsatira kulira kwa makina. A Telala anaimitsa phazi mwaulemu, koma anauzidwa kuti apitirize. Loweruka lotsatira anawakhazika kuseri kwa ng'oma, timitengo tiwiri m'manja, chopondera kuphazi. Manja anavuta miyezi itatu. Phazi ndiye linangofika ngati kwawo.

Bandiyo inkaimba Lamlungu masana, m'maholo a sukulu, ndipo ndalama zonse zolipira pakhomo zinkapita ku nyumba yothawirako amayi omenyedwa m'mabanja. Nyumbayo inalibe chikwangwani, ndipo ngakhale oimbawo sankadziwa msewu wake. Ankangodziwa mayi woiyang'anira, wamfupi, wosayankhulayankhula, amene ankamutcha Mayi a Mpango.

Dzinalo linali ndi chifukwa chake. Nyimbo yomaliza ikayamba, aphunzitsi ankaimiritsa holo yonse, mipando n'kukankhidwira kumbali, aliyense n'kuvina. Mayi a Mpango ankaima pa khomo la m'mbali, mpango wachikasu uli paphewa, galimoto ili kuseri. Mayi aliyense wofuna kuthawa ankangovina cholowera kukhomoko, n'kusowa. Akaona kuti palibenso wina akubwera, Mayi a Mpango ankachotsa mpango paphewa, ndipo wa ng'oma, amene amakhala pokwera n'kumaona holo yonse, ndiye ankatseka nyimbo. Amayi ankanong'onezana zimenezi ku saluni ndi pamzere wa kuchipatala. Abambo ankangoti nyimbo yomalizayi bwanji imatalika chonchi.

A Telala anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Anakulira pansi pa tebulo losokera akutola zidutswa, mpaka dzina linakhala Kachigamba. Atakwatiwa, m'mawa wina anafika pashopu ndi chikwama, mlomo utatupa, mkono wa bulauzi utang'ambika kuyambira paphewa. A Telala anamukhazika pansi, anamuvula bulauziyo, anaisoka, anaisita. Kenako anamuuza zimene iwonso anauzidwa, kuti banja ndi kupirira, n'kumuperekeza pokwerera basi. Anasoka bwino mayiwa, abale, moti pong'ambika paja sipankaonekanso. Mwa misoko yonse ya moyo wawo, umenewu ndi umene unkawadya mtima.

Kuyambira pamenepo Kachigamba sanadandaulenso. Ankabwera mwa apo ndi apo, atavala za mikono yaitali ngakhale kutenthe chotani, n'kupereka moni waulemu ngati kasitomala. A Telala atayamba kuimba n'kuona ndi maso awo amayi akudutsa pa khomo lija, anazindikira zimene anachita, ndipo manyazi anawagwira koopsa. Anayesa kumuuza mwanayo kuti abwerere kunyumba. Iye anayankha mofatsa akuyang'ana pansi.

"Ndikupirira, amayi. Si mmene munanenera?"

Mawu amenewo a Telala anagona nawo zaka ziwiri. Kenako anamusokera diresi lobiriwira, la mikono yaitali monga mwini wake anafunira. Tsiku loyesa, atagwada pansi kupinda m'munsi mwake, mapini ali kukamwa, anafotokoza za nyimbo yomaliza, za khomo la m'mbali ndi za mpango, ngati akusimba nkhani ya anthu ena. Kachigamba anangotembenuka kuti amayi ake apinde kumbuyo. A Telala anaitana Kachigamba ndi mwamuna wake ku zoimba za Lamlungu lotsatira, podziwa kuti mkamwini wawoyo sangakane. Anali munthu wokonda kuoneka wabwino pagulu, wa moni wa manja awiri, wonunkhira mafuta.

Anabweradi. Mkamwini anakhala kutsogolo ndi suti yake, akuwomba m'manja kuposa aliyense, mkazi wake ali pambali ndi diresi lobiriwira lija. Kunkatentha, malata akuthetheka pamwamba, dzuwa likulowera m'mawindo a m'mwamba n'kugona pamitu ya anthu. A Telala anaimba nyimbo zisanu ndi imodzi osazimva n'komwe.

Yomaliza itayamba, holo inaimirira. Amayi ena a ku saluni anakokera mkamwini pakati pa bwalo, iye n'kumadzithyola, jekete ili m'manja. Kachigamba anaima chilili atagwira mpando. Mayi wina wa mwana kumsana anavina cholowera kukhomo, n'kusowa. Patapita nthawi winanso anatsatira. Aphunzitsi anabwereza ndime zonse kawiri. Mayi a Mpango anayang'ana uku ndi uku, anadikira pang'ono, kenako anachotsa mpango paphewa.

A Telala anauona mpangowo ukutsika. Sanaime.

Aphunzitsi anacheuka ndi maso ofunsa ngati munthuyu wagona. Anamwino ndi amene anatsatira kumene maso a a Telala analoza, n'kuona diresi lobiriwira, ndipo anapitiriza kukhwacha gitala yawo. Wa kiyibodi anatsatira. Mawu a nyimbo anali atatha, choncho aphunzitsi anayamba kungong'ung'udza, holo yonse n'kumang'ung'udza nawo.

Apa a Telala sankadziwanso ngati ali mu holo kapena m'kashopu kawo. Fumbi la ovina linkayandama m'dzuwa monga tinyenyeswa tija. Pansi pa phazi panali makina, ndipo pansi pa singano panali bulauzi ya tsiku lija, koma makinawo ankayenda chobwerera, ulusi ukutuluka m'nsalu, msoko ukumasuka pang'onopang'ono kuyambira kumkono kukwera kuphewa. Pansi pa tebulo panali kamwana kakutola zidutswa, kakuwagwira chala cha kuphazi. Kamtengo kamodzi kanapulumuka m'manja mwawo n'kugwera kuseri. Dzanja linalo linalema n'kugwera pamwendo. Mwendo unachita dzanzi mpaka m'chiuno. Linatsala phazi lokha, du, du, du, likugogoda ngati munthu amene wakana kuchoka pakhomo.

Chomaliza chimene anaona ndi Mayi a Mpango akubwezera mpango paphewa. Kenako thukuta linalowa m'maso, ndipo anatsinzina. Kunena zoona, ankaopa kuyang'ana.

Kaya panapita nthawi yaitali bwanji. Anangomva dzanja paphewa ndi mawu a anamwino kukhutu.

"Basi, amayi. Imitsani phazi."

Atatsegula maso, anthu anali akuwomba m'manja, ena atakhala pansi ndi kutopa. Mkamwini ankapukuta khosi ndi kansalu, akuseka, akuuza aliyense kuti apongozi ake ndi katswiri. Pa khomo la m'mbali panalibe munthu. Pansi pa mpando wa Kachigamba panali nsapato ziwiri zazitali chidendene, zitaikidwa bwinobwino moyandikana.

Zimene mkamwini anachita atazindikira, phokoso lake ndi maulendo ake obwera pashopu, sinditaya nazo malovu. A Telala ankamuuza zoona zokhazokha, kuti sakudziwa kumene mkazi wake ali. Lamulo la nyumba ija silinkasankha, ngakhale mayi wobereka sankauzidwa msewu. Zinkawapweteka, koma sanafunse. Phazi linatupa sabata yathunthu, ndipo litaphwa anabwerera pamakina. Sankadziwa ngati mwana wawo ali bwino, ndiponso ngati adzawakhululukira.

Patatha miyezi inayi, masana ena dzuwa litalowa pawindo, Mayi a Mpango anafika pashopu ndi kajumbo. Anapereka moni ngati kasitomala wamba, n'kutulutsa diresi lobiriwira. Anati mwini wake wanenepa, ndiye alikulitseko m'chiuno. A Telala analiyala patebulo, n'kufunsa ngati pali china.

"Akuti mudulenso mikonoyi," anatero Mayi a Mpango. "Akufuna yaifupi. Ndipo akuti ndisapatse telala wina, asoke amayi ake."

A Telala analira pomwepo, osabisa, wokonza mafoni mpaka anasuzumira. Atamaliza anapukuta maso ndi duku, anatenga choko, n'kulemba mzere pamwamba penipeni pa mkono, pafupi ndi phewa. Kenako anayamba kufunafuna sizasi.