Mawu Apakati Pakhoma la Sukulu

Mayi wina wotchedwa Bana Chilufya sankadziwa kuwerenga, koma mawu atatu olembedwa pakhoma la sukulu yathu ya pulayimale kuno ku Mpika ankawadziwa kuposa aphunzitsi. Pamwamba panali Ulemu, pakati Chilungamo, pansi Khama. Akanalephera bwanji kuwadziwa? Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akusesa muofesi, kuimba belu, ndi kupaka laimu khomalo teremu iliyonse, akulambalala zilembo kuti asazidetse. M'mawa uliwonse ana ankawatchula mawuwo ali pamzere, mayiwo ataima poteropo ndi tsache lawo. Ntchito imeneyi ndiyo inkadyetsa adzukulu awo atatu.

Mvula yoyamba ikagwa, kuno ndi nyengo ya mphalabungu. Ana amalawirira kutchire kukazitola n'kufika kusukulu mochedwa, aliyense ndi kachitini kake. Ndiwo za chaka chonse zimenezo, si zamasewera.

Chaka chimenecho kunabwera ahedi atsopano, Ba Kapembwa, munthu wa tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Analamula kuti mwana wochedwa azilandidwa chitini pageti, ndipo wolanda akhale Bana Chilufya. Mayiwo anamvera, poyesa kuti ana azibwezeredwa poweruka. Ayi ndithu. Lachitatu anakazipeza mphalabungu zija zitayanikidwa pamphasa kuseri kwa nyumba ya ahedi, akazi awo akuzitembenuza uku akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Mtima unawawawa zedi. Manja amene analanda anali awo.

Analowa muofesi tsache lili m'manja.

"Ba Hedi, mphalabungu za ana zija zalembetsa kalasi iti? Ndaziona zikuothera dzuwa kwanu."

"Mayi, ntchito yanu ndi tsache," anayankha Ba Kapembwa osadzutsa mutu. "Mukadzalankhulanso zimenezi mudzandisiyire makiyi."

Kutacha, ana ali pamzere, Bana Chilufya anatulukira atanyamula ndowa ya laimu ndi bulashi. Ana atangoti "Ulemu," iwo anaviika bulashi ija n'kuyamba kupaka pamzere wapakati, chilembo ndi chilembo, osafulumira.

"Mukutani inu?" anakalipa ahedi.

"Ndikufufuta, bwana. Mawu awa sitikuwagwiritsa ntchito. Tisamanamize ana m'mawa uliwonse."

"Mukudziwa n'komwe chimene mukufufutacho? Munthu wosadziwa ndi A yemwe."

"Kuwerenga sindidziwa, n'zoona. Koma mphasa ija ndinaiona ndi maso angawa."

Atamaliza anapukuta m'manja pachitenje, n'kumasula makiyi m'chiuno. Anagwada bwinobwino n'kuwapereka ndi manja awiri, poti mawu apamwamba aja anali akadalipo. Kenako anatuluka pageti osacheuka.

Ntchito inathera pomwepo. Masiku ano amalima chinangwa kutsidya kwa msewu, ndipo adzukulu aja nthawi zina amagona ndi phala lokha. Mukawafunsa ngati amadandaula, amati, "Ndimadandaula laimu. Ndinapaka kamodzi, pofunika kawiri."

Zolanda zitini zinatha sabata yomweyo. Khomalo lidakali loyera pakati mpaka lero, chifukwa Ba Kapembwa akafuna kulembetsanso, wolemba sapezeka. Koma ana sanasiye kutchula mawu onse atatu. Mawu oyamba ndi omaliza amangowang'ung'udza, koma apakatiwo amawakweza mpaka amveke kutsidya kwa msewu. Bana Chilufya amaimika khasu kuti amve, kenako n'kupitiriza kulima.