Ponda Pomwe Ndaponda

Kunacha ndi chiperoni, kamvula kaja kosamveka padenga koma kolowa mpaka m'mafupa. Amayi anali pakhonde, akusenda chinangwa choti adzayanike makaka dzuwa likabwerera. Bambo anali atalawirira kudimba, kutsidya kwa mtsinje. Ine ndinali kukhola, ndikukangana ndi mbuzi zimene zinkakana kutuluka.

Mudzi wathu unali ku Mozambique, kupitirira Milanje. Ndinali kamtsikana kosatha msinkhu, mwana mmodzi yekha m'nyumba. Poti munalibe mnyamata, ubusa unagwera ine. Atsikana anzanga ankati ndimanunkha tonde, ndipo sankanama. Nkhondo tinkangoimva m'kamwa mwa anthu odutsa.

Kudimba kunamveka ngati wina akuthyola nsungwi zouma. Kenako zinathyoka zambiri nthawi imodzi. Nkhuku zinathamangira pansi pa nkhokwe. Amayi anapukuta mpeni pachitenje, anauika m'lichero, n'kuimirira. Utsi unayamba kukwera kumene kunali nyumba zoyamba za mudzi.

Amayi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi zofunda komanso kachitini ka mchere. Chitseko anachitseka bwinobwino, ngati tikupita kumaliro a mudzi wina. Chinangwa chija chinatsala pakhonde, choyera, chosenda theka.

Tinakumana m'nkhalango ya kumanda, ife amene tinali mbali ino ya mtsinje. Ndinafika ndi mbuzi zanga zonse. Palibe anandituma, zinangonditsata. Azimayi ena anayamba kundizazira kuti zitiulula ndi kulira kwake. Malume Zuze, mlongo wawo wa amayi, anawaletsa ndi dzanja. Ankaziyang'ana mbuzizo ngati akuziona koyamba.

Msewu waukulu unali m'manja mwa anthu a mfuti. Kunatsala njira imodzi yopita kumalire a Malawi, yakale, yodutsa m'minda yosiyidwa. Anthu anaileka chifukwa munakwiriridwa mabomba. Mayi wina wa mudzi woyandikana nafe anasiya mwendo m'menemo akutola nkhuni.

"Mbuzi zitsogole," anatero malume. "Ife tiziponda m'mbuyo mwake. Rozina, zimamva iwe."

Amayi anafunsa za bambo.

"Alamu atipeza," malume anayankha. "Mapazi a mbuzi sasowa."

Ndinene zoona, inu obadwa dzulo: ndinasangalala. Mudzi wonse kumbuyo kwanga. Akatekisi kumbuyo kwanga. Azimayi ondizazira aja kumbuyo kwanga, mapoto ali pamutu, pakamwa pali pululu. Atsikana ondiseka aja ankandiyang'ana ngati ndavala nsapato. Ndinalimbitsa chitenje, ndinathyola kamtengo, n'kuimba mluzu.

Patsogolo panapita Sinyora, mbuzi yaikazi yoyera, yokalamba. Dzinalo ndinaipatsa chifukwa inkayenda modzimva ngati mkazi wa Mpwitikizi wa sitolo. Zinazo zinaitsata.

Ufumu wanga sunakhalitse. Amayi anandigwira paphewa, anandikokera kumbuyo, n'kulowa pakati pa ine ndi mbuzi. Ndinatsala ndikuyang'ana msana wawo ndi mtolo wa zofunda.

"Ponda pomwe ndaponda," anatero.

Ndinakwiya kwambiri. Ulemu wanga woyamba chibadwire, amayi andilanda anthu akuona. Ndinang'ung'udza kuti mbuzi sindikuziona. Anati mluzu sufuna maso.

Chiperoni chinatithandiza. Dothi linali lofewa, ndipo phazi lililonse linkasiya chidindo. La amayi linali lalikulu, la zala zotayana, chidendene chong'aluka. Langa linkalowamo n'kutsala malo. Ankaponda pafupipafupi kuti ndisamalumphe. Kumbuyo kwanga malume ankaponda momwemo, kenako wina, kenako wina. Ukacheuka, zinkaoneka ngati padutsa munthu mmodzi wolemera kwambiri.

Mkwiyo sunachedwe kutha, chifukwa zoona zinali zambiri. Kutali chonchi ndinali ndisanafikeko. Tinadutsa mudzi wopanda anthu, mtondo utamera bowa pabwalo. Tinadutsa nthochi zakupsera mumtengo, zopanda mwini, pafupi poti ukanangoponda pambali kamodzi kokha dzanja likanafika. Palibe anaponda. Tinazidutsa tikumeza malovu.

Chakumadzulo mitambo inatseguka pang'ono, n'kuonetsa phiri la Mulanje. Kukula kwake ndinaiwala nako mluzu. Malume anati kumene kuli phiriko n'kumene tikupita. Tinagona chokhala, pamapazi athu omwe.

Mawa lake Sinyora inaponda.

Phokoso sindikulikumbukira. Ndimakumbukira dothi likugwa pamasamba ngati matalala, ndi fungo la ubweya wopserera. Pamene panali mbuzi yoyera panali dzenje. Zinazo zinabalalika m'udzu, uku ndi uku.

Phazi langa linali litanyamuka kale kuti ndizithamangire. Dzanja la amayi linabwera kumbuyo, iwo osacheuka, n'kundigwira pakhosi pa diresi. Ndinabweza phazilo pamalo pake. Mzere wonse unaima ngati mitengo. Khanda lina linalira, n'kupatsidwa bere.

"Ziitane," anatero amayi. "Usasunthe."

Milomo inali itauma. Ndinayesa mluzu, kunatuluka mpweya wokha. Ndinanyambita madzi a chiperoni padzanja, n'kuyesanso. Unatuluka woonda, wonjenjemera. Udzu unagwedezeka. Inabwera imodzi, kenako ziwiri, kenako tonde akuyetsemula. Zonse zinabwerera kupatula Sinyora. Kumbuyo wina anayamba kuseka, kuseka kosaletseka kuja, ndipo kunayenda mzere wonse mpaka akatekisi anapukuta misozi.

Titayambanso kuyenda, ndinaona m'mphepete mwa chitenje cha amayi mukunjenjemera. Ndinayang'ana pansi bwinobwino. Chiboda cha mbuzi n'chaching'ono. Pakati pa chiboda ndi chinzake pankatsala dothi lambiri losapondedwa, ndipo phazi lalikulu la amayi linkagwera pamenepo. Mbuzi zinkangolawa njira. Woiyesa weniweni anali munthu woyamba kuzitsata, ndipo malo amenewo ndi amene ndinkawalirira. Ndinachita mantha kuposa pamene bomba linaphulika. Ndinagwira nsonga ya chitenjecho, ndipo sindinaitaye mpaka kumtsinje wa m'malire.

Madzi anali ozizira, ofika m'chifuwa. Amuna ananyamula mbuzi pamapewa. Malume anaterereka ndi tonde, onse awiri n'kumira, n'kutulukira akuyang'anizana mwaukali. Tinaseka mosabisa mawu.

Kutsidya tinakwera kamtunda, ndipo ndinaona tiyi. Wobiriwira, wometedwa bwino, mpaka m'tsinde mwa phiri. Azimayi ankathyola akuimba, madengu kumsana, osayang'ana pansi n'komwe. Mmodzi anatipatsa mbatata yophika, yotsala pa kamba wake. Titafika pamsewu wa tala ndinagwada n'kuugwira ndi dzanja. Unali wofunda.

Anzathu ambiri anapita kumsasa wa othawa nkhondo. Ife tinali ndi kolowera. Amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, anakwatiwa kalekale ku Nguludi, kuno ku Chiradzulu. Malume anabwerera kumtsinje wa m'malire kukadikira bambo. Ife tinapeza lole ya Che Amidu, bambo wachiyao wogula mbuzi m'misika. Anayang'ana mbuzi, anayang'ana mapazi athu otupa, n'kutikweza tonse.

Aka kanali koyamba kukwera galimoto. Ndinaimirira kumbuyo, nditagwira zitsulo, mphepo ikunditsegula pakamwa. Mitengo inkathawa. Apanjinga ankabwerera chambuyo. Ndinkabayibitsa aliyense, ndi agalu omwe. Pa Mikolongwe ndinaona ng'ombe zamawangamawanga mumpanda, zazikulu moti ndinafunsa ngati zimadyedwa. Amayi anakhala pansi pakati pa mbuzi, atandigwira mwendo.

Pa Nguludi lole inaima pambali pa msewu, paudzu. Amayi anakana kutsika.

"Tsikani, mayi," anatero Che Amidu. "Kuno ndi sefu."

Amayi anafunsa kuti chimenecho n'chiyani.

"N'chizungu. Ndiye kuti palibe chokupwetekani. Olo mutagona pamenepa mpaka mawa."

"Paudzupo wapondapo ndani?"

Che Amidu anayamba kuseka, koma atawayang'ana kumaso analeka. Anazimitsa lole. Anatenga mtolo wathu, anauika paphewa, anaponda paudzupo mwamphamvu, n'kutsogola. Tinawatsata m'mapazi mpaka pakhomo pa amayi aakulu.

Amayi aakuluwo tinawapeza akupeta. Lichero linagwa, nkhuku n'kupeza phwando. Anaimba nthungululu, analira, anatinunkhiza m'mutu, anafunsa zinthu khumi nthawi imodzi osadikira yankho. Anatiikira nyemba za kalongonda, ndipo ndinadya mpaka mimba inauma gwa. Amayi anafuna kuwapatsa tonde Che Amidu. Iwo anati wonunkha chotere akhale ndi mwini wake.

Mawu achizungu aja ndinawakonda. Ndinkawanena kwa mbuzi, kwa amayi aakulu, kwa aliyense wondipatsa moni. Lero adzukulu anga akafika ku Limbe amandiimbira foni kuti, agogo, ndafika sefu. Amanena choncho za madzi a pamjigo, za minibasi yosathamanga, za njira yopanda akuba. Kwa iwo ndi mawu opepuka, ndipo ndimakondwa kuti ndi opepuka. Koma amayi anawamva ndi makutu okha. Miyendo yawo inakana.

Popita kuchitsime, amayi patsogolo. Kutchalitchi, kuchigayo, kuchipatala cha mishoni kukatsukitsa mabala a kumapazi, amayi patsogolo, ine m'mapazi awo. Sankadutsa chidule. Sankandilola kulowa m'tchire, moti mbuzi zanga ankazidyetsa ndi ana ena, ine ndikungozionera pabwalo. Ana a m'mudzi ankatitsanzira, atafola mzere, akukweza mawondo ngati akakowa. Ndinamenyana nawo kangapo. Amayi aakulu analankhula, azimayi a mpingo analankhula, osathandiza. Ndinayamba kuganiza kuti ndidzakwatiwa ndikuyang'anabe msana wa amayi.

Mvula yoyamba inagwa yamphamvu. Kutacha, njira ya kuchitsime inali yosalala, yofiira, yopanda phazi la munthu, la galu, ngakhale la nkhuku. Amayi anaima pothera bwalo, ndowa ili m'manja. Anaima nthawi yaitali. Ine ndinali kumbuyo, ndikudikira monga mwa masiku onse. Ndinkawamva akupuma.

Anapatuka.

"Rozina, tsogola."

Ndinaponda kamodzi. Dothi linalowa pakati pa zala, lozizira. Ndinapondanso. Kenako ndinathamanga. Ndinasiya njira n'kulowa m'udzu, ndinalumpha mizere ya m'munda wa eni, ndinavina pachulu, ndinagwa m'matope n'kudzuka ndikukuwa ngati wamisala. Ndowa yanga inakapezeka mu nandolo. Chisangalalo chotero sindinachimvenso, ngakhale pa ukwati wanga. Amayi anandipeza pachitsime n'kundiuza kuti ndikuoneka ngati nkhumba. Ankaseka.

Malume Zuze anatipeza mvula ili pakati, ali okha. Anadikira kumtsinje mpaka anthu analeka kuwoloka. Nkhondo itatha anabwerera kwathu, anafunsa mudzi ndi mudzi, kudimba anapeza bango lokhalokha. Bambo sitinawaonenso, ndipo pomwe anagona sitikupadziwa. Amayi anakalambira pano pa Nguludi. Anabereka ana anga onse kumsana, ndipo ali kumanda a kuno.

Kuyambira m'mawa uja ankayenda paliponse, ngakhale m'tchire. Koma maso awo sanachoke pansi. Pamsika, pasiteji, panjira iliyonse yofewa ndi mvula, ankayenda chowerama. Tsiku lina, ine ndili kale ndi ana akuluakulu, ndinawagwira mkono n'kuwauza kuti aweramuke, kuno kulibe mabomba.

"Ndikudziwa, mwanawe," anatero. "Koma phazi la bambo ako ndimalidziwa ndine ndekha."