Dalaivala wa Nthenga

Lero kuntchito, ndikuphunzitsa kompyuta kuyendetsa kagalimoto kokafufuza miyala ku Mars, waya wina anapsa. Fungolo linandikumbutsa matayala amene tinkawotcha ku Kapata tili ana kuti tipeze mawaya opangira magalimoto oseweretsa.

Ine ndinkafuna yanga iziyenda yokha mpaka pachulu, chimene ndinkachitcha mwezi. Ndinaimangirira kwa tambala wa amayi, n'kumwaza chimanga kuti aphunzire njira. Anajompha bwinobwino mpaka ataona thadzi. Basi liwiro, galimoto kwekwerere pambuyo, mpaka m'nyumba momwe amayi ndi anzawo ankapemphera kolona. Azimayi anakwera pamipando, Tikuoneni Maria asanathe.

Amayi anangotsegula diso limodzi.

"Iwe, tsanzikana naye dalaivala wakoyo. Mawa ndi ndiwo."