Avaikingi a ku Milonde

Dzina la banja lathu ndi lachizungu, ndipo latizunza kuyambira kusukulu. Aphunzitsi poitana mayina ankalitafuna ngati nzimbe youma, kenako n'kudzutsa mutu kufunafuna mwana wa mzungu. Ankapeza ine, wakuda bii, kumapazi mbuu.

Chaka chimene tinagwirizana zomanga chiliza pamanda a agogo aamuna, obereka bambo athu, mng'ono wanga analifufuza dzinalo pafoni. Anatulukira kwathu ku Milonde pa kabaza, ali wefuwefu ngati wapalasa ndi iye.

"Achimwene, ndife Avaikingi!"

"Ndiye mpingo wanji umenewo?"

Anafotokoza kuti anali anthu a kumpoto kwa Ulaya, kozizira koopsa, oyenda m'mabwato aataliatali kukalanda midzi ya eni, ndipo dzina lathuli analisiya ndi iwowo kwa azungu a ku Sikotilandi. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Munthu ameneyu mtsinje wa Ruo sawoloka ngakhale m'chilimwe, amati madzi amamuchititsa chizungulire. Koma anaumirira kuti pachiliza pajambulidwe bwato, ndipo mmisiri wa ku Chitakale anali atamuuza kale.

Nkhaniyo tinapita nayo kwa azakhali, mlongo wawo wa malemu bambo athu, mwana yekhayo wa agogo amene anatsala. Tinawapeza pamsika akuunjika tomato. Azakhali sazungulira polankhula.

"Bwato? Abambo anga anabwera wapansi kuchokera kwa Apwitikizi, kuthawa chibalo. Poopa kuti awalondola, pa esiteti ya tiyi anabisa dzina lawo n'kulembetsa la mzungu wa pamenepo. Dzina limeneli ndi la ganyu, ana inu. Mukufuna agone nalonso kumanda?"

Mng'ono wanga analowetsa foni m'thumba pang'onopang'ono, ndipo za bwato zinathera pomwepo. Ine manyazi anandigwira: munthu wa imvi kale, koma ndinali ndisanafunsepo.

"Nanga dzina lawo lenileni ndani, azakhali?"

Anandiyang'ana ngati ndawaponda tomato.

"Ine nditchule dzina la abambo anga? Ndi pakamwa pangapa? Unaleredwa kuti iwe?"

Apa m'pamene panagona vuto. Padziko lonse wolidziwa dzinalo anali iwo okha. Kulemba sadziwa, ndipo chibadwire anali asanalitchulepo, pakuti kwathu mwana satchula dzina la bambo ake. Tinawanyengerera masabata awiri. Tinapititsa shuga, tinapititsa chitenje. Shuga analandira, chitenje anavala, dzina ayi. Kunena zoona ndinayamba kuchita mantha. Azakhali anali atakalamba, miyendo ikutupa, ndipo ndinaona kuti tsiku lina adzapita nalo dzinalo, ife n'kutsala Avaikingi mpaka kalekale.

Njira anaipeza okha.

"Mundibweretsere mmisiri wanuyo. Iye uja si mwana wa m'banja muno."

Mmisiri atafika, ife anatithamangitsira kumsewu ngati nkhuku. Tili chapatali tinaona azakhali atafunda chitenje kumutu, atawerama pakhutu pa bambo wachilendoyo, iye akulemba papepala la thumba la simenti. Pobwerera tinamukola mmisiri uja kuti atiuze. Anakana kwamtuwagalu. Anati amayi aja amulumbiritsa, ndipo amawaopa kuposa ife.

Tsiku lovundukula chiliza abale anabwera kuchokera ku Nkando, ena kutsidya kwa malire. Atachotsa nsalu, tonse tinasolola makosi. Linali dzina lalifupi, la Chilomwe, loti sindinalimvepo. Ndinamva wina akundikoka malaya: anali azakhali.

"Iwe, walemba zoona ameneyu? Tawerenga ndimve."

Ndinaliwerenga mokweza, anthu onse akumva. Azakhali anandimenya pamkono, phaa!

"Mwana wopanda mwambo!"

Misozi inali ikutsika m'masaya mwawo, ndipo mkono wanga sanausiye.

"Tawerenganso," anatero.