Zitsulo Zomwe Ndinabisa M'galimoto ya Sufiyani

Pa boma la Nkhotakota anthu ambiri amamudziwa Sufiyani Amiri ndi dzina lomuseka lakuti Kabokosi, chifukwa cha kagalimoto kake. Ine ndinamudziwa kalekale dzinalo lisanabwere. Tinkakhala benchi imodzi kusukulu, iye wochokera kubanja la Chisilamu la kufupi ndi doko, ine mwana wa mphunzitsi wa ku Angilikani. Dzina langa ndi Dyton, ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Ngolo zambiri zomwe mumaziona zitasenza mpunga kuchokera ku Malengachanzi zinadutsa m'manja mwanga, ndipo palibe ndi imodzi yomwe inathyokapo. Kale ndinkanena zimenezi monyada.

Sufiyani anagwira ntchito ya umakaniko kumunda wa nzimbe ku Dwangwa kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Mathirakitala ndi malole ndizo zinali chakudya chake. Anali munthu wosakonda zolankhulalankhula, wosaphonya swala kumzikiti, koma wovuta ngati chiyani pa nkhani ya zida. Ukabwereka sipanala yake n'kuibweza ili ndi girizi, ankaipukuta pamaso pako pang'onopang'ono, mpaka iwe wekha kufuna kulowa pansi.

Kumeneko kunabwera injiniya wina wochokera ku Joni, amene anaitanitsa galimoto ya m'mabokosi, yomanga wekha. Inali ya mipando iwiri, yopanda denga, yopanda zitseko, yaifupi moti ukakhalamo umatha kugwira dothi ndi dzanja. Loweruka lililonse Sufiyani ankamuthandiza kumanga. Itatha, mwini wakeyo anamulola kuiyendetsa kamodzi m'timisewu ta pakati pa nzimbe, mphindi khumi zokha. Mphindi khumi zimenezo ndi zomwe zinamusokoneza mnzanga moyo wake wonse. Ankati galimoto zina zonse umachita kuzipempha kuti zikhote, koma iyo inkakhota ukangoganiza. Injiniya uja pobwerera kwawo anatenga galimoto yake, koma anamusiyira buku la miyeso, chiwongolero chakale ndi kamphuno ka kutsogolo komwe kanali kong'aluka.

Atapuma pantchito m'chaka cha 2014, Sufiyani anabwerera ku boma ndi zinthu zitatuzo. Anzake opuma ankagula maukonde kapena kutsegula magolosale. Iye anamanga chisakasa kuseri kwa nyumba, n'kubwera kwa ine buku lili m'khwapa.

“Felemu undiwotcherera iwe,” anatero. “Koma mapaipi ndisankha ine.”

Mapaipi amene anabwera nawo ndinawaseka mpaka misozi. Anali opyapyala, oti ine sindingapangire ngakhale mpando wa sukulu.

“Sufiyani, ukufuna galimoto kapena khola la nkhunda?”

“Iwe umadziwa ngolo. Galimoto iyi mphamvu yake ndi kupepuka.”

Kwa ife owotcherera a kuno, mawu amenewo ndi achipongwe. Tinaphunzitsidwa kuti chitsulo cholemera ndicho cholimba. Kasitomala akabwera kudzatenga geti amayamba walinyamula, likamukanika amamwetulira. Komabe ndinawotcherera monga ankafunira, iye ataima pambali ndi tepi yake, akundibweza pa kamilimita kamodzi.

Ntchitoyi inatenga zaka zisanu ndi ziwiri. Injini inachokera m'kagalimoto kakale komwe kanagona pamseu wa ku Salima, matayala kwina, mabuleki kwina. Chilichonse chisanamangidwe ankayamba wachipachika pa sikelo ya akazi ake, a Zulfa, amene amagulitsa mpunga pamsika. Chikalemera ankachiboola mabowo kapena kuchipala. A Zulfa ankadandaula kuti makasitomala akumva fungo la oyilo pa mpunga, komabe ndi iwo omwe anasoka mipando, ndipo anaisoka kawiri chifukwa yoyamba akuti inalemera. Anthu ankati mdala wazungulira mutu. Iye analibe nazo ntchito, ankangopita kumzikiti n'kubwerera kuchisakasa chake.

Poyendetsera anapeza ku Malengachanzi, padambo la abale a akazi ake. Mpunga ukakololedwa dambolo limauma gwa kuyambira Seputembala, mpaka mvula yoyamba. Zaka ziwiri zotsatizana ankapita kukasalaza njira yozungulira, ng'ombe zikukoka chigogo, iye akuika matayala akutha m'makona, galimoto isanathe n'komwe.

Ndiye kunabwera matenda a shuga. Anayamba ndi diso lakumanzere. Mu Ogasiti wa 2021 anapita kuchipatala ku Lilongwe, ndipo asananyamuke anandiuza zomwe adokotala anali atamuuza kale: lakumanzere lapita, lakumanja latsala ndi miyezi yowerengeka.

“Chilimwe chino ndicho changa,” anatero. “Chikubweracho sindidzaona ngakhale tayala. Galimoto yatsala pang'ono. Ndikusiyira uwotcherere pomangira thanki ndi mipando, ndikabwera tingomanga malata.”

Anaikankhira kushedi kwanga n'kukwera minibasi. Anakakhala kumeneko masabata awiri.

Masiku amenewo ndinkangoyang'ana timapaipi tija. Ndinkaganiza za munthu wa diso limodzi, nalonso la nkhungu, akuthamanga padambo atakhala m'khola la nkhunda. Ndinachita mantha, ndikuvomera. Koma ndinganame nditati anali mantha okha. Munalinso kamtima kakuti zaka zonsezi wakhala akundiphunzitsa ntchito yanga yomwe, pomwe ine ndikudziwa bwino chomwe chimathyoka ndi chomwe sichithyoka. Ndinatenga zitsulo zija timaika m'konkire pomanga nyumba. Ndinatsegula kumapeto kwa mapaipi a kutsogolo ndi a m'mbali mwa woyendetsa, n'kulowetsa zitsulozo m'kati. Ndinaboola timabowo n'kuziwotcherera kuti zisagwedere, ndinatseka, ndinapala bwinobwino, n'kupaka penti. Inali ntchito yaukhondo kwambiri yomwe ndinagwirapo. Felemu yonse yokhala ndi injini sikanathekanso kupachika pa sikelo ya mpunga, ndipo ndinkadziwa zimenezo.

Kumayambiriro kwa Okutobala tinaikweza pa lole kupita kudambo. A Zulfa anabwera ndi mwana wawo wamkazi Bushra, amene ndi namwino. Anyamata a kabaza anaima m'mbali, okonzeka kuseka. Sufiyani anati Bisimilahi, analiza injini, n'kunyamuka. Kwa ine inkaoneka ngati ikuuluka. Anthu anakuwa, ine ndinaomba m'manja koposa onse. Koma atazungulira kamodzi kokha anaima.

“Si iyi,” anatero.

“Bwanji? Yathamangatu.”

“Mutu ukukana kukhota. Ndikamapita kumanja ikuchita zina, kumanzere zina. Pali chomwe ndalakwitsa.”

Pamenepo ndi pomwe ndinayenera kulankhula. Koma panali alamu anga a Zulfa, panali Bushra, panali gulu la anthu. Ndinati ndimuuza mawa tili awiri. Mawa lake ndinamupeza atamasula kale masipuling'i, akuwayeza ndi diso lake limodzi litatsala pang'ono kugunda chitsulo. Ndinaganiza kuti mwina akasintha apa ndi apo izolowera, nkhani n'kuthera pomwepo.

Masabata atatu anatha chotero. Anasintha masipuling'i, anasinthanitsa matayala, anamasula chiwongolero chonse n'kuchimanganso. Tinabwerera kudambo kawiri, ndipo kawiri konse anazungulira kamodzi n'kupukusa mutu. Anayamba kudzikayikira yekha. Tsiku lina anandifunsa ngati mwina ukalamba wamunamiza, kuti mwina galimoto ya injiniya ija sinali monga ankaikumbukira. Ine ndinali pomwepo tsiku lililonse, kumupatsira zida, kumuwerengera manambala a m'buku amene sankathanso kuwaona. Tsiku likamapita, kuulula kunkakulirakulira. Ndinkapita kutchalitchi Lamulungu n'kulapa pamodzi ndi mpingo wonse, Lolemba n'kukapitiriza.

Koma mlandu suwola. Masana ena, atangobwera kuchokera ku swala, anagwada pambali pa galimoto kufunafuna nati yomwe inagwa, ndipo sipanala yake inagunda paipi ya m'mbali. Anaima. Anagogodanso. Kenaka anakwawa kupita kumbuyo n'kugogoda paipi ina, yomwe inalira bwinobwino monga ilirira paipi yopanda kanthu m'kati. Anabwerera kutsogolo. Kumeneko kunkangomveka thi, thi. Anazungulira galimoto yonse akugogoda paipi imodzi imodzi, ine nditaima ngati mtengo.

“A Dyton,” anatero, osandiyang'ana, “mwaikamo chiyani umu?”

Chiyambire tili ana anali asananditchulepo choncho. Ndinamuuza zonse. Ndinayambanso kufotokoza za mantha anga, za diso lake, koma anakweza dzanja.

“Zachitsulozo ndikanakukhululukirani tsiku lomwelo. Ndinu wa ngolo, munachita zomwe mumadziwa. Koma masabata atatu, a Dyton. Mumandiwerengera manambala, mukudziwa kuti vuto silili m'manambala.”

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangofunsa kuti kuchotsa kutenga masiku angati.

Ntchito yanga yaukhondo ija inandidya ndekha. Zitsulo zinali zitagwira moti kusolola kunali kosatheka. Panafunika kutsitsa injini, kuchotsa malata, kudula mapaipi asanu ndi anayi n'kuika atsopano. Mapaipi opyapyala otero pa boma sapezeka, amene amagulitsa zitsulo amadziwa zomwe ife timakonda. Tinachita kuitanitsa ku Lilongwe, ndipo anafika patatha masiku asanu ndi limodzi. Magetsi nawo ankangozimazima. Ndinakana ntchito zina zonse, ndinatseka shedi, ndinkayamba kum'mawa mpaka usiku. Zitsulo zomwe tinachotsa Sufiyani anati tizipachike pa sikelo ya a Zulfa. Zinakwana makilogalamu makumi asanu ndi awiri, kuposa thumba la mpunga. Munthu amene ankaboola mabowo pa kachitsulo kuti achotse kulemera kwa supuni imodzi anamva nambalayo, n'kungoti, “Chabwino.”

Tinamaliza Lachinayi lomaliza la Novembala. Tinagwirizana ndi mwini lole kuti Loweruka m'mawa tipite. Lachisanu tinadzuka kunja kutada bii chakunyanja, ndipo isanakwane nthawi ya swala ya Ijumaa mvula inali itayamba. Inagwa masiku anayi. Paja amati mvula ikakuona litsiro sikata. Nditapita pa njinga kukaona, ndinapeza dambo lili thawale, matayala athu a m'makona akuyandama, eni ake atayamba kale kukonza nazale za mpunga.

Ndinamuuza kuti tiyese pa mseu wa tala m'mamawa. Anakana. Anati ndi diso lotere sangaike pachiswe ana a eni ake ndi mbuzi zawo chifukwa cha chisangalalo chake. Pofika Epulo sankathanso kusiyanitsa nkhope ya Bushra ndi ya mayi ake. Pofika Juni ankachita kugwiridwa dzanja popita kumzikiti.

Sanandithamangitse pakhomo pake. A Zulfa ndi amene anatha miyezi akungondiyankha moni ndi mutu, ndipo sindiwada. Ndinkapitabe kukakhala naye kuchisakasa, iye akupukuta zida zomwe zinali zoyera kale. Pang'ono ndi pang'ono anabwerera kunditchula kuti iwe, koma nkhani ya galimoto sitinkaikhudza.

Seputembala wotsatira, dambo litauma, anandiitanitsa.

“Kaikenso matayala aja. Uyendetsa iwe, ine ndikhala pambali.”

Ine kuyendetsa ndimadziwa kwa pikiapu yonyamula mageti, pang'onopang'ono, maso ali kumbuyo. Komabe ndinavomera. Tinapita atatu ndi Bushra, popanda gulu. Tinamukhazika pampando wakumanzere, tinamumanga lamba, ndipo ine ndinadzipanikiza kuchiwongolero, mawondo akugunda chilichonse.

Ulendo woyamba ndinayenda mwamantha. Iye ankamvetsera injini n'kumandiuza. “Sintha giya. Usaponde buleki pano, dikira. Tsopano ponda moto.” Njirayo ankaidziwa pamtima kuposa ine amene ndinkaiona. Ulendo wachitatu tinali tikuthamanga ndithu, fumbi lili m'mano, ndipo pakona yayikulu ya kumunsi ndinamuona atatambasula manja ake patsogolo, akukhotetsa mpweya.

Titaima, ndinazimitsa injini. Anatembenukira komwe kunali mawu anga.

“Pakona paja, m'manja mwako inamveka bwanji?”

“Bwinobwino.”

“Ayi, ndiuze. Mutu unalowa wokha, kapena unachita kuukakamiza? Chiwongolero chinapepuka usanafike pakati, kapena utadutsa?”

Ndinayang'ana manja anga. Ndikanatha kumunamiza, n'kumuuza kuti imakhota ukangoganiza, monga ankanenera iye mwini. Koma ndinali nditamunamiza kokwanira.

“Sindikudziwa, Sufiyani. Zimenezo ine sindimazimva.”

Anasisita paipi ya m'mbali ndi dzanja lake.

“Ndiye kuti palibe amene adzadziwe,” anatero. “Bushra, bwera undidzutse, mwanangu.”